Mlamu Wanga Anakana Nsapato pa Phiri la Sinai

Mukatsika minibasi pa Kafue n'kulowera cha ku siteshoni ya sitima, mupeza bambo woonda atakhala pansi pa mtengo wa mango, magalasi ali kunsonga ya mphuno, nsapato za anthu zili mbwee kumuzungulira. Amenewo ndi ba Lastone Sakala, alamu anga, amuna a akulu anga Christine. Akhala akusoka nsapato pamalo amenewo kuyambira ine ndili pasukulu. Ntchito amaidziwa, zimenezo sindingawalande. Akakuikirani tayala lakale kunsi kwa nsapato, chikopa chimatha, tayala n'kutsala. Munthu akafika samuyang'ana kumaso, amayang'ana kumapazi, ndipo amakuuzani okha kuti mumaponda mokhota ngakhale simunafunse.

Bambo awo anachokera ku Petauke kudzagwira ntchito ku fakitale ya nsalu. Fakitale itatseka, m'nyumba zambiri za ku komboni ya Estates munalowa njala ndi mowa, ndipo ba Lastone anasankha mowa. Anamwa mpaka Christine anamangapo katundu kubwerera kwathu. Tsiku lina mnzawo wa ba Lastone anawakokera ku mapemphero a kuphiri, pa kaphiri kena kunja kwa tauni komwe anthu amakafuulira Mulungu Loweruka m'mawa. Anapita ali ndi matsire, nsapato imodzi inadukira panjira, ndiye anavula zonse n'kukwera opanda kanthu kumapazi. Pamwambapo analira, ndipo kuchokera tsiku limenelo mowa sanaulawenso. Izi ndinaziona ndi maso anga, ndipo ndimayamika.

Vuto ndi lakuti alamu anga anaganiza kuti chimene chinawapulumutsa ndi mapazi. Atamva kuti Mose anauzidwa kuvula nsapato pa malo oyera, kwa iwo nkhani inathera pomwepo. Atayamba kutsogolera gulu la kuphiri anaika lamulo loti aliyense azivulira m'munsi. Anyamata a pamsika ankawaseka kuti akungofuna kuona nsapato zong'ambika kuti apeze makasitomala. Koma gulu linakula, anthu anawapatsa dzina loti ba Mose, ndipo dzinalo analikonda kuposa limene anawapatsa mayi awo.

Tsono akulu anga ali ndi matenda a shuga. Chaka china munga unawabaya paphiripo, bala linakana kupola, ndipo ku kiliniki anawauza mosapita m'mbali kuti akapondanso pansi opanda nsapato adzataya mwendo. Mwamuna wina akanati mkazi wanga akwere atavala. Ba Lastone anati lamulo silidziwa mkazi wa munthu. Ndiye Loweruka lililonse, zaka ndi zaka, Christine ankakhala pamwala m'munsi mwa phiri, chitenje chili kumutu, akulondera mulu wa nsapato za anthu ena. Nyimbo ankazimvera patali. Ine zinkandiwawa, ndipo sindinkabisa mawu kukhosi. Alamu anga ankangoti, "Mulamu, iwe vintu va mzimu suviziba. Gulisa chabe nsomba zako."

Nsomba ndimagulitsadi, zouma za ku Chanyanya, ndipo malondawo andidutsitsa m'maboda ambiri. N'chifukwa chake mwana wawo Daliso, amene amagwira ntchito ku migodi ku Solwezi, anandiimbira foni chaka chatha. Anati wamva za gulu la akhristu a ku Lusaka lopita ku Iguputo kukaona Phiri la Sinai, makolo ake wawalembetsa, koma sanakwerepo ndeke, ndiye ndiwaperekeze ndisanawamve kuti asochera. Ndinavomera chifukwa cha akulu anga.

Lamlungu lotsanzikana, abusa athu ba Evaristo anaitana alamu anga kutsogolo kuti anene mawu awiri. Munthu akanangothokoza n'kukhala pansi. Iwo anatenga maikolofoni, anavula nsapato pamaso pa mpingo wonse, n'kuzikweza m'mwamba.

"Ine Lastone nizaimilila pamwamba pa Sinai na mendo yanga chabe, kulibe nsapato, mwamene Mose anaimilila! Nizakupempelelani monse pamene paja!"

Nthungululu zinadzaza tchalitchi. Ine ndinayang'ana Christine, Christine anayang'ana pansi. Dzina lonse la ba Mose tsopano linali litapachikidwa pa mawu amenewo, ndipo phirilo palibe ndi mmodzi yemwe wa ife amene anali atalionapo.

Za ndeke ndi za mzinda wa Kairo ndizisiya. Chimene sindidzaiwala ndi basi ya m'chipululu. Tinayenda mpaka msana kuuma, osaona mtengo, osaona mtsinje, miyala yokhayokha yofiirira. Ife tinakulira m'mbali mwa mtsinje wa Kafue, ndiye Christine ankangofunsa kuti anthu a kuno amachapira kuti. M'gulumo a ku Kafue tinali atatu basi. Ena onse anali a ku Lusaka, ambiri amayi a mawigi abwino ndi mafoni akuluakulu, ndipo sankatidziwa.

M'munsi mwa phirilo muli nyumba ya amonke, amuna amene anasiya zonse kuti azingopemphera. Yazunguliridwa ndi mpanda wamiyala wautali, ndipo wotitsogolera, Mwiguputo wodziwa Chingerezi, anati mapemphero sanalekepo mmenemo kwa zaka zoposa chikwi. Tinalowa m'mawa pa kakhomo kopapatiza. Mkatimo muli tchalitchi cha mdima wozizira, nyale zolendewera, fungo la lubani, ndi zithunzi zakale za oyera mtima zokuyang'ana ndi maso aakulu. Panja pali chitsamba chimene amati ndi chija Mose anachiona chikuyaka. Pambali pake penipeni anaikapo chozimitsira moto chofiira, ndipo ine ndinaseka mpaka Christine ananditsina.

Alamu anga zonsezi sanazione. Anali atavula kale nsapato pakhomo, ndipo maso awo anali pa mapazi a amonke. Amonkewo anavala mikanjo yakuda, ndevu mpaka pachifuwa, kumapazi nsapato zakuda zochindikala. Wina anavala masandasi ndi masokosi. Ndinaona khosi la alamu anga likutupa ndipo ndinadziwa kuti tagwa nayo.

Kunkadutsa mmonke wokalamba, wandevu zoyera, akuyenda ndi ndodo. Ba Lastone anamutchingira njira, analoza nsapato zake, n'kuyamba kumulalikira m'Chingerezi cha pansi pa mango kuti avule, pano ndi pamalo oyera. Anakweza mawu ngati ali kuphiri kwathu. Azungu anatembenuka, ena anakweza mafoni. Mkuluyo anangowayang'ana, anayang'ana mapazi awo a fumbi, anaika dzanja pachifuwa n'kuwerama pang'ono, kenako anawalambalala. Ine ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Munthu wabwera dzulo, lero akuphunzitsa eni mudzi kakhalidwe ka pakhomo pawo.

Wotitsogolera anawakokera pambali n'kuwafotokozera mofatsa kuti kuseri kwa guwa kuli kachipinda kamodzi komwe aliyense, ngakhale mkulu wa amonke, amavula nsapato. Kwina konse anthu amavala, ndipo kuphiri kwenikweniko palibe amene amayerekeza kupita osavala. Alamu anga anapukusa mutu.

"Bankalapo maningi aba, baibala. Mulungu atuma munthu kuchoka ku Kafue kubakumbusa."

Potuluka, nsapato zawo anazisiya dala pakhomo paja. Christine anawerama n'kuziika m'chikwama chawo. Manja awo anazolowera kutola nsapato.

Tinayamba kukwera masana, dzuwa litapendeka pang'ono, kuti tikaone kulowa kwake tili pamwamba. Ba Lastone anandilamula kuti ndiwajambule ataima pa chiyambi cha njira, mathalauza atapinda, mapazi ali poyera, ndipo nditumize kwa Daliso. Ndinatumiza. Daliso, mwana wonyadira bambo ake, anachiponya pa gulu la mpingo pafoni, ndipo tisanapite patali Kafue yonse inali itachiona.

Kaphiri kathu kali ndi dothi, udzu ndi mithunzi. Sinai alibe chifundo chotero. Njira yake ndi timiyala takuthwa ngati mabotolo osweka, ndipo tinali titamwa dzuwa kuyambira m'mawa, kutentha ngati mbaula. Poyamba alamu anga anali patsogolo akuimba, amayi a ku Lusaka akuwajambula n'kumati munthu wa Mulungu weniweni. Kenako nyimbo inachepa. Kenako anayamba kuyenda ngati nkhuku yoponda phala lamoto.

Christine tinawakweza pa ngamila chifukwa cha miyendo. Pamene chinyamacho chinkadzuka anakuwa kuitana mayi athu amene anamwalira kalekale, koma pambuyo pake anakhazikika ngati anabadwira pomwepo. Ali pamwambapo ndiwo anayamba kuona madontho a magazi pamiyala. Anauza mwini ngamila kuti ayime, anatsegula chikwama n'kuonetsa nsapato.

"Atake Daliso, nsapato zanu nili nazo. Valani. Kulibe azaziba."

"Mufuna munigweseko imwe?" anatero alamu anga, thukuta lili chuchuchu. "Satana asebenzesa ba pafupi."

Akulu anga anabweza nsapato m'chikwama pang'onopang'ono. Ine ndinapsa mtima moti ndikanakhala ndi nsomba youma m'manja ndikanawamenya nayo. Ndinangoti mumtima, samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu.

Gulu linatipitirira, ngakhale agogo ena a ndodo anatipitirira. Chapakati pa phiri pali kanyumba kamiyala komwe anthu a m'chipululumo amagulitsa tiyi. Pamenepo alamu anga anakhala pansi, ndipo sanathe kudzukanso. Mapazi anali atang'ambika, khungu likulendewera, timiyala titalowa mkati. Mwini kanyumbako, Msilamu wa mpango kumutu, anaona mapaziwo. Anabweretsa madzi ofunda a m'ketulo, anagwada n'kuyamba kuchotsa timiyala timodzitimodzi. Ba Lastone anayang'ana kumbali.

Patapita kanthawi ananong'ona, osayang'ana munthu, "Amake Daliso, letani nsapato."

Christine anazitulutsa msangamsanga. Koma mapazi anali atatupa, nsapato zinakana. Alamu anga anayesa kukankha, anamasula zingwe zonse, anayesa kuponda chidendene, misozi ikutuluka ndi ululu. Munthu amene wavalika Kafue yonse analephera kulowetsa phazi lake mu nsapato yosoka yekha. Lumbiro anali ataliphwanya popempha nsapatozo, ndipo phiri nalonso linali litawakana.

Amayi ena a ku Lusaka amene ankapumira pomwepo, atatopa ndi zikwama, anati poti bambowa akutsala awasungireko katundu. Sanali kunyoza, sankadziwa kanthu. Anaunjika zikwama ndi mabotolo a madzi pambali pa alamu anga n'kupitiriza ulendo. Christine anati nawonso atsala, sangasiye amuna awo okha. Apo ndiye ndinakana kwamtuwagalu. Ndinati Daliso sanakutumizeni kuno kuti mudzakhale pansi pa phiri lina. Tinakangana mpaka ba Lastone, nkhope ili pansi, anati, "Yendani, amake Daliso."

Ngamila imafika pena n'kulekeza, kotsalako ndi masitepe a miyala okwera ndi miyendo. Akulu anga anakwera atandigwira paphewa, akupuma pafupipafupi, nsapato zawo za nsalu zili kumapazi. Tinafika omaliza, dzuwa litafiira. Pamwamba pali katchalitchi kotseka, kamzikiti pambali pake, ndi anthu obwereketsa mabulangeti chifukwa mphepo yake imalowa m'mafupa. Kulikonse koyang'ana ndi mapiri okhaokha, ofiira, mpaka kumene maso amalekezera. A ku Lusaka ankafuula ndi kuimba. Christine anangoima, atagwira chitenje pachifuwa, n'kunena chapansipansi kuti, "Kanshi pamwamba pamankala so." Kenako anatseka maso. Ine amene amati za mzimu sindizidziwa ndinalira ngati mwana.

Alamu anga anatsika pa ngamila, mapazi atakulungidwa nsanza, akulendewera uku ndi uku. Masiku otsala a ulendowo sanalankhule, sanatsogolere pemphero, chakudya ankangochitosa. Ndinayamba kuwamvera chisoni, ndipo ndinaganiza kuti mwina phiri lawaphunzitsa.

Tili mu minibasi yochokera ku Lusaka kubwera kwathu, titapanikizana ndi masutikesi, ndinawamva akufunsa Christine ndi mawu ofewa amene sindinawamvepo.

"Amake Daliso, pamwamba paja pali bwanji?"

Akulu anga anawauza. Anafunsanso za katchalitchi, kuti chitseko chake n'chotani, mphepo imachokera kuti, dzuwa limalowera mbali iti, munthu akaima pakhomo amaona chiyani. Poyamba mtima wanga unasungunuka. Titadutsa Chilanga ndi pamene ndinazindikira kuti munthu wofuna kungodziwa safunsa mtundu wa chitseko. Ankasonkhanitsa umboni wa Lamlungu. Ndinatsina Christine pantchafu, koma iwo anachotsa dzanja langa n'kupitiriza kufotokoza, bwinobwino, osasiya kanthu. Ankadziwa chimene ankachita.

Titafika kunyumba ndinafunsa akulu anga kukhitchini ngati apenga.

"Audrey," anatero, "ngati bamuseka uja muntu, azabwelela ku moba. Iwe sunankale naye pamene anali kumwa."



Lamlungu tchalitchi chinadzaza mpaka ena anaima m'mawindo. Anthu anali ataona chithunzi chija, ndipo ataona ba Lastone akulowa ndi mabandeji, atavala mapatapata aakulu, akutsimphina, nkhani anaimaliza okha. Ba Mose anakwera Sinai mpaka magazi! Bodza linali litaphikidwa kale, iwo kwawo kunali kungopakula.

Ndipo anapakula. Anaima kutsogolo n'kufotokoza za katchalitchi kotseka, za mphepo yolowa m'mafupa, za mapiri ofiira opanda malire, mawu a akulu anga enieni, mwina mpaka kapumidwe kawo. Wa kiyibodi ankawathira nyimbo pansipansi, amayi ankakweza manja. Ine ndinazyolika, makutu akutentha. Manyazi amene ndinamva pamaso pa mmonke uja anali aang'ono. Awa anali a pakhomo, pakati pa anthu amene ndimawagulitsa nsomba. Koma ndinaona kuti alamu anga sankayang'ana mbali ya amayi, ndipo mawu awo, amene amamveka mpaka kumsewu, tsiku limenelo ankathera pa mabenchi oyamba.

Atamaliza, abusa Evaristo anati mapazi amene aima pamene Mose anaima si mapazi wamba. Anaitanitsa mpando, beseni la madzi ndi thaulo. Anati mapaziwo asambitsidwe pamaso pa mpingo, ndipo odwala abwere adzawakhudze. Anthu anayamba kale kupanga mzere. Kenako abusa anayang'ana kumbali ya amayi.

"Amake Daliso, imwe mwenze kubasunga mu ulendo. Bwelani, ndimwe muyambe."

Ndinagwira chitenje cha akulu anga kuti asadzuke. Anandichotsa dzanja. Anayenda mpaka kutsogolo ndi miyendo yawo yotupa, anagwira mpando, n'kugwada movutikira, bondo limodzi kenako linalo. Anakokera beseni pafupi n'kuyamba kumasula bandeji, mutu uli pansi, ngati mmene amachitira chilichonse chimene auzidwa.

Ba Lastone anayang'ana pamutu pa mkazi wawo.  Anabweza phazi pansi pa mpando.

"Imani, amake Daliso."

Maikolofoni inali idakali m'manja mwawo, ndiye aliyense anamva. Wa kiyibodi anapitiriza pang'ono, kenako anasiya.

"Aya mendo siyanafike," anatero. "Yanasilila pakati, pamene bagulisa tiyi. Nsapato ninazipempa, zinakana kungena. Vonse vamene nakuuzani ni maso ya aba. Ndiye banafika pamwamba, na nsapato ku mendo. Ine nenze pansi, nisunga vikwama va bantu."

 Mzere uja unayamba kusungunuka, wina kubwerera chammbuyo, wina kunamizira kufuna mwana. Kumbuyo mnyamata wina wa pamsika anaseka, mnzake n'kumuletsa.  Dzina loti ba Mose linafera pamenepo, tonse tikuona, ndipo mwini wake anakhala pampando atagwira kumaso ndi manja onse awiri, mapewa akugwedezeka. Ine amene ndinakhala zaka ndikufuna kuti munthuyu atsike, sindinathe kumuyang'ana.

Christine sanadzuke. Anaviika thaulo m'madzi, analifinya, n'kutambasula dzanja pansi pa mpando.

"Vilonda vikali vifunika kusuka, atake Daliso," anatero. "Letani kwendo."